Achemwali a ku Manchester, mukagone ku Leça, ku Porto muzikangopita masana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Manchester, amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo nthawi zambiri amakhala pa shifiti yausiku. Dzina sinditchula. Anati iwo ndi bambo akunyumba apeza masiku asanu a holide kumapeto kwa Ogasiti ana asanatsegulire sukulu, anawo ndi awiri, wina wazaka 9 wina wazaka 6. Funso lawo linali ili: "Tikufuna kupita ku Porto koma ine ndatopa, sindikufuna phokoso. Mnzanga wa kuntchito akuti tikagone ku Leça da Palmeira osati mtauni. Kodi sitikaboweka kumeneko? Ana akatha kusambira? Nanga kupita ku Porto n'kutali bwanji?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi kutopako, ntchito yogonera maso usiku wonse uku ukunyamula anthu si yamasewera. Mnzanuyo sanakunamizeni. Ine ndikuti pitani ku Leça komweko, mukagone kumeneko masiku onse asanu, ku Porto muzikangopita masana n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma ndikufuna mudziwe bwinobwino malo mukupitawo, chifukwa bata la ku Leça lili ndi mtundu wakewake.

Leça da Palmeira ili ku Portugal, kumpoto kwa mzinda wa Porto, m'dera la khonsolo ya Matosinhos, pomwe kamtsinje ka Leça kamathira m'nyanja ya Atlantic. Pakamwa pa mtsinjewo anamangapo doko lalikulu la Leixões, ndiye tsidya lino ndi tauni ya Matosinhos ya nsomba ndi malesitilanti, tsidya linalo ndi Leça. Mukamayenda m'mbali mwa nyanja mudzaona makontena ataunjikidwa, makireni, sitima zakatundu zitaima patali kudikira kulowa, ndipo chakumpoto kuli zotsalira za fakitale yoyenga mafuta ya Galp imene inasiya kuyenga mu 2021. Ndikunena zimenezi pachiyambi pomwe dala, chifukwa munthu amene akuyembekeza mitengo ya kanjedza ndi madzi obiriwira ngati za pa Instagram akhoza kugwa ulesi tsiku loyamba. Ndi malo omwe anthu amakhala ndi kugwira ntchito, agogo akupita kukagula buledi ndi kachikwama, anyamata akuthamanga m'mbali mwa msewu, zovala zitayanikidwa pamawindo. Ine chimene chinandikoka mtima n'chimenecho, palibe amene akukuthamangira kuti akugulitse kanthu.

Mayendedwe ndi osavuta. Bwalo la ndege la Francisco Sá Carneiro lili pafupi ndi Leça kuposa momwe lilili ndi pakati pa Porto, ndiye ndi ana ndi zikwama ingokwerani takisi kapena Uber, musadzivute. Popita mtauni mumawoloka mlatho wa padoko wapansi kupita ku Matosinhos, n'kukwera metro ya laini A, yabuluu, pa siteshoni ya Mercado, pafupifupi theka la ola mwafika ku Trindade pakatikati pa Porto. Khadi yake imatchedwa Andante, aliyense akhale ndi yake, mumaikamo maulendo a Z3, kutanthauza a mazoni atatu, ndipo muziigunditsa pamakina a pasiteshoni nthawi zonse musanakwere ngakhale mukungosintha laini. Koma tsiku limodzi lokha, chonde, kwerani basi nambala 500 pa Mercado pomwepo. Imachedwa inde, koma imatsata gombe lonse kudutsa ku Foz kenako kulondola mtsinje wa Douro mpaka mtauni, ndipo zambiri zimakhala zija zosanjikiza, ana akakhala m'mwamba kutsogolo sadzafuna kutsika.

Mlatho ndatchulawu amautcha Ponte Móvel, umene ulipo panowu anautsegula mu 2007, ndipo umanyamuka sitima ikafuna kudutsa. M'mawa wina ndinaupeza utatsekedwa, kunali chifunga choti sungaone tsidya, ndiye tinaima gulu, mayi wina wachikulire ndi dengu lake, anyamata awiri apanjinga, ena atanyamula zikwama kumsana ndi ndodo m'manja, amene aja akuyenda ulendo wapansi wopita ku Santiago de Compostela ku Spain potsata timivi tachikasu. Mbali ziwiri za mlatho zinadzuka pang'onopang'ono, kenako m'chifungamo munatulukira chikhoma chachitsulo chakuda, sitima, kudutsa pafupi moti mumaona dzimbiri ndi munthu mmodzi ataima m'mwamba wagwira kapu. Palibe amene anadandaula, palibe analiza hutala. Mayi uja anangotsitsa dengu pansi n'kudikira. Ngati muli ndi sitima yapamtunda kapena ndege yoti mukwere onjezeraniponi mphindi zina chifukwa cha mlathowu, koma ngati mulibe pothamangira ana anu akasangalala nazo kuposa zambiri zolipira.

Tsopano za kusambira, apa mundimvetsere bwino. Madzi a kumeneko si a ku Salima kapena ku Mangochi ayi. Ndi ozizira, ngakhale mu Ogasiti amangokhala cha m'ma 16 mpaka 18 digiri, ukaponda mapazi amachita dzanzi. Mafunde ake ndi amphamvu komanso pali miyala yambiri, ndipo masana kumayamba mphepo yochokera kumpoto imene eni ake amaitcha nortada, moti mudzaona mabanja akukhoma timipanda tansalu pamchenga kuti adzitchinjirize. Ndiye majuzi ndi kajekete musasiye ku Manchester poganiza kuti mukupita kotentha. Pagombe yang'anani mbendera: yobiriwira mukhoza kusambira, yachikasu ingonyowetsani miyendo osasambira, yofiira osalowa n'komwe. Mwana wazaka 6 uja asachoke pafupi nanu.

Koma Leça ili ndi yankho lake pankhaniyi, ndipo ndi chinthu chomwe ine ndimachikonda kuposa china chilichonse kumeneko. Pali madamu osambiramo otchedwa Piscina das Marés, anamangidwa pakati pa matanthwe a m'mphepete mwa nyanja ndipo madzi ake ndi a m'nyanja momwemo, lina la akulu lina la ana. Anajambula pulani yake ndi Álvaro Siza Vieira, mwana wa pompo pa Matosinhos wobadwa mu 1933, anawamaliza mu 1966 ali mnyamata ndithu, ndipo pambuyo pake mu 1992 anadzalandira mphoto ya Pritzker yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Mukakhala pamsewu mutha kupitirira osawaona, chifukwa sanafune kutchinga nyanja, zonse anaziika m'munsi. Mumatsetsereka kanjira ka konkire, phokoso la magalimoto limazilala, mumalowa m'zipinda zosinthira zovala zamdima zamatabwa akuda, nyanja simukuiona koma mukuimva ikuwomba kuseri kwa khoma, kenako mukangokhota basi kuwala konse kumakugwerani, madzi a m'damu ali phee ndipo kuseri kwa kakhoma kakafupi mafunde akudzimenyetsa pamiyala. Munthu ameneyu sanaphwanye matanthwe, anangowonjezera timakoma pamene pamafunika kuti madzi akhale. Ine sindine womanga nyumba koma ndinakhala pathanthwe nthawi yaitali ndikungoyang'ana momwe konkire ikukumanirana ndi mwala. Amatsegula nyengo yotentha yokha, polowa mumalipira, ndipo mu Ogasiti pamadzadza, ndiye lawirirani m'mawa pakati pa sabata. Madzi ake ndi ozizirabe koma mulibe mafunde okokera mwana.

Pamenepa ndikuuzeninso zoona za bata lija. Loweruka ndi Lamlungu masana m'mwezi wa Ogasiti anthu a ku Porto amakhamukira kugombe la Leça, magalimoto mbwee. Bata lenileni ndi la m'mawa, la pakati pa sabata, ndi la usiku, ndipo inu chimene mukusowa ndi usikuwo eti. Pofuna malo ogona sankhani misewu yamkati ya Leça yakale, chakufupi ndi tchalitchi kapena linga lakale la Nossa Senhora das Neves, kusiyana ndi nyumba zoyang'ana msewu wa kugombe kapena zoyandikana kwambiri ndi doko, chifukwa doko siligona.

Madzulo yendani chakumpoto motsata gombe. Kuchoka pamadamu aja pang'ono chabe mufika pansanja ya nyale yowunikira sitima ya Boa Nova, ndi yotalika mamita 46, yachiwiri kutalika m'dziko lonse la Portugal, inayamba kuwala mu 1926. Miyala ya pamenepa yaswapo sitima, monga ya ku Britain yotchedwa Veronese mu 1913. Chapafupi pali katchalitchi kakang'ono kali pathanthwe, ndi nyumba inanso ya Siza ya mu 1963, Casa de Chá da Boa Nova, denga lake lotsika ngati yagwada pakati pa miyala. Pano ndi lesitilanti yodula kwambiri ya shefu Rui Paula, simalo opitako ndi ana otopa, koma kuizungulira panja n'kukhala pamiyala dzuwa likulowa m'nyanja sikulipira ndalama. Ngati miyendo ikulola, kutsogoloko kuli timilatho tamatabwa todutsa pamchenga mpaka ku Praia da Memória, pomwe pali chipilala chokumbukira asilikali a Dom Pedro, yemwe kale anali mfumu ya Brazil, amene anakocheza pagombe limeneli mu Julayi 1832, ndi kupitirira mpaka kumudzi wa asodzi wa Angeiras. Tsiku la mphepo yambiri thawirani ku Quinta da Conceição, paki ya mitengo ikuluikulu moyang'anana ndi doko, ana athamange inu mugone pa kapinga.

Zakudya. Wolokani mlatho mupite mumsewu wa Rua Heróis de França ku Matosinhos, kuseri kwa doko la asodzi. Simufunika mapu, utsi ukulondolerani. Malesitilanti amaika mbaula zawo panja pakhomo penipeni, bambo wavala epuloni akukupiza makala, nsomba za sardinha zitandandalikidwa pawaya, sanazichotse mutu kapena mamba, wangowaza mchere wamibulumibulu, mafuta akudonthera pamoto n'kumalilima. Ndinaima pamenepo ndipo mtima unapita kutali, fungo lake ndi lomwe lija la usipa wauwisi akuuwotcha kunyanja m'mawa, kungoti izi ndi zazikulu ndi zonona. Amabweretsa ndi mbatata ya kachewere yowiritsa ndi tsabola wobiriwira wootcha, ndipo eni ake amaisanjika nsombayo pa buledi wa chimanga wotchedwa broa kuti mafuta alowerere, n'kumadya ndi manja, ndiye musachite manyazi. Nyengo ya sardinha yonona ndi yomweyi mukupitayi. Kwa ana itanitsani nsomba ya dourada kapena robalo, minga yake ndi yosavuta kuchotsa, ndi supu ya caldo verde ya masamba onga repu odulidwa mopyapyala, pakamwa pa Mmalawi siyachilendo. Francesinha, sangweji ya ku Porto yodzadza nyama ndi tchizi yosambira mu msuzi, mugawane awiri imodzi. Chenjerani ndi tinthu tomwe amaika patebulo musanaitanitse, buledi, maolivi, batala, si zaulere, zomwe mwadya zimalowa pa bilu, ngati simukuzifuna ingonenani azichotse sakwiya. Ndipo chakudya chamadzulo malo ambiri sayamba isanakwane hafu seveni, ana muwapatsiretu kanthu.

Mukadya, yendani mpaka kumayambiriro kwa gombe la Matosinhos mukaone ziboliboli za amayi akulira atayang'ana kunyanja. Zimakumbutsa za usiku wa pa 2 Disembala 1947 pomwe maboti anayi a asodzi anamira ndi namondwe, anthu 152 anafa. Nsomba mwadyayo mumaiona mwina mukaima pamenepo.

Za chilankhulo musade nkhawa, achinyamata ambiri amamva Chingelezi, koma "bom dia" polowa mushopu ndi "obrigada" potuluka zimatsegula nkhope za anthu, bambo azinena "obrigado". Ndipo mudzadabwa kumva mawu akwathu m'kamwa mwawo. Sapato ndi nsapato, batata ndi mbatata, carta ndi kalata, chapéu ndi chipewa, mawu amene anatifika kudzera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi kalekale. Abale athu a ku Angónia ndi Tete akafika kumeneko amangolankhula ngati kwawo. Auzeni ana aziwasaka mawu oterewa pa zikwangwani, ndi masewera abwino a m'basi.

Chomaliza ndi mapepala, ndipo ichi chiyambeni lero lomwe. Simunandiuze mapasipoti amene muli nawo. Ngati wina m'banjamo akadali ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichimulowetsa ku Portugal, pafunika viza ya Schengen, ndipo nyengo ya holide malo okaperekera mafomu amadzadza msanga, ndiye musagule matikiti osabwezeka musanapeze deti. Ndalama ndi ma euro, nthawi ndi yofanana ndi ya ku Manchester palibe kusintha wotchi, koma masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, tengani adaputa ziwiri. Ku Porto tsiku limodzi kapena awiri akukwanirani, mukaone matailosi abuluu a pa siteshoni ya São Bento, mukawoloke mlatho wa Dom Luís I pamwamba, koma ndi tauni ya zitunda ndi masitepe komanso mu Ogasiti alendo amachita kupanikizana, wamng'ono uja adzafuna kubelekedwa ikamakwana 3 koloko. Tsiku loyamba lenileni musakonze chilichonse, bambo atenge ana apite nawo kumchenga, inu mutseke mashata aja a pawindo mugone mpaka thupi linene lokha. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva ngati mlatho unakunyamukirani.