Schuf kapena schaffte: mneni mmodzi wa nkhope ziwiri

Wowerenga wina amene akuphunzira Chijeremani wanditumizira imelo yodandaula kuti mabuku ake akutsutsana: lina likuti nthawi yakale ya mneni schaffen ndi schuf, pamene lina likuti ndi schaffte. Akufuna kudziwa buku loti alikhulupirire.

Akhulupirireni onse awiri, chifukwa m'mawu amodziwa mwabisala aneni awiri amene anali osiyana m'Chijeremani chakale koma anadzafanana m'kupita kwa zaka. Woyamba, amene ali pachibale ndi mawu a Chingerezi akuti shape, amatanthauza kulenga kapena kuumba chinthu chimene kunalibe, ndipo amasintha tsinde: schuf, geschaffen. Ndi amene ali pa Genesis 1:1 m'Baibulo limene Martin Luther anamasulira, lomwe linatuluka lathunthu mu 1534: "Am Anfang schuf Gott Himmel und Erde." Masiku ano mudzamumva anthu akamakamba za ntchito ya mmisiri waluso, kapena boma likamadzitama kuti lapezera anthu ntchito zatsopano.

Wachiwiri ndiye amene mudzakumane naye tsiku ndi tsiku, choncho muyambe kuloweza ameneyu. Tsinde lake silisintha, schaffte, geschafft, ndipo amatanthauza kukwanitsa chinthu chimene chinali chovuta kapena chokayikitsa. Pa 31 Ogasiti 2015, pamene anthu ambiri othawa nkhondo ku Syria ndi mayiko ena ankalowa m'dziko la Germany, Angela Merkel, amene anali mtsogoleri wa boma la dzikolo panthawiyo, anauza atolankhani ku Berlin kuti "Wir schaffen das", kutanthauza kuti tikwanitsa, ndipo mawu atatuwo anthu amakangana nawobe. Mukakhoza mayeso muzinena kuti "Ich habe die Prüfung geschafft". Mukalakwitsa n'kunena geschaffen, Mjeremani adzamva ngati ndinu amene munakonza mafunso a mayesowo. Chodabwitsa n'chakuti "Ich bin geschafft" sikudzitama ayi, koma kudandaula kuti mwatheratu ndi kutopa.

Mukadzafika ku Stuttgart, kumwera kwa Germany, kapena ku Switzerland mudzamva anthu akunena schaffen pamene a ku Hamburg, kumpoto kwa Germany, anganene arbeiten, kugwira ntchito basi. Ndi kayankhulidwe ka m'deralo, ndipo sindingakulangizeni kukalemba pamayeso.

Aneni ambiri ochokera ku schaffen amatsata wachiwiriyu: abschaffen, kuthetsa lamulo kapena mwambo, amakhala abgeschafft, ndipo anschaffen, kugula katundu wokhalitsa ngati galimoto, amakhala angeschafft. Wosiyana ndi anzake ndi erschaffen, kulenga, amene amatsata woyamba uja n'kukhala erschuf, erschaffen.