Aphungu a 1994: kodi kummwera konse kunali kwa UDF?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Bangula, m'boma la Nsanje. Tinatsutsana ndi mdzukulu wanga, amene akuti pa chisankho cha 1994 chigawo chonse cha kummwera chinatumiza aphungu a UDF okhaokha ku Nyumba ya Malamulo. Ine ndikukumbuka kuti kwathu kuno tambala wakuda analira ndithu. Kodi nyumbayo inali yotani, nanga akunena zoona ndani?

YANKHO: Bambo, inu ndinu amene mukukumbuka bwino, ngakhale kuti mdzukulu wanuyo sanaphonye patali. Chisankho cha pa 17 May 1994 chinatulutsa aphungu 177, ndipo UDF ya Bakili Muluzi inapeza mipando 85, MCP inapeza 56, pamene AFORD ya Chakufwa Chihana inapeza 36. Anthu anavota motsata zigawo: mipando yonse 33 ya kumpoto inapita ku AFORD, MCP inatenga 51 mwa mipando 68 ya pakati, ndipo kummwera UDF inakolola 71 mwa 76. Isanu yotsalayo inali ya MCP, chipani chimene mphamvu yake kummwera inali m'chigwa cha Shire, makamaka ku Nsanje kwanuko.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Gwanda Chakuamba, amene anthu a m'chigwamo ankamutcha Mbuya, anali atangotuluka m'ndende mu 1993 atakhalamo zaka 13 pa mlandu woukira boma la Kamuzu Banda, koma posakhalitsa anabwerera ku MCP, nakhala mlembi wamkulu wa chipanicho, ndipo pa chisankhocho ndiye anaima ngati wachiwiri wa Kamuzu yemweyo. Ife tikuona kuti ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa ankatsata Mbuya, osati chipani, pakuti iye atayambitsa Republican Party mu 2004 anthu a m'chigwa anamutsatiranso kumeneko.

Chimene achinyamata ambiri sachidziwa ndi chakuti UDF, ngakhale inkalamula boma, inalibe aphungu okwanira kudutsitsa malamulo payokha, poti pankafunika 89 ndipo iyo inkaperewera anayi. Poyamba AFORD inagwirizana ndi MCP, zimene zinapanikiza boma kwambiri, mpaka Muluzi anakokera Chihana kumbali yake pomupatsa udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa mtsogoleri wa dziko, ndiponso maunduna kwa anthu ake. Ubwenziwo unatha mu 1996 Chihana atatula pansi udindowo, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka naye m'boma, ndipo zipani zotsutsa zinanyanyala zokambirana kwa miyezi ingapo pokwiya ndi zimenezo. Sipikala amene ankayendetsa nyumba yovutayi anali Rodwell Munyenyembe.

Mukamuuzenso mdzukulu wanuyo, makamaka ngati ali wamkazi, kuti mwa aphungu 177 aja amayi analipo 10 okha.