Ndiyambirenso sukulu kuti ndizifufuza za nyengo ndi chakudya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe akumaliza digiri ya za kadyedwe. Akuti akufuna kudzakhala wofufuza pa yunivesite pa nkhani za planetary health, kutanthauza mgwirizano wa thanzi la anthu ndi chilengedwe, koma za kusintha kwa nyengo sanaphunzirepo, ndiye akufunsa ngati ayambirenso kosi ina.

Achemwali, musayambirenso ayi. Dzina loti planetary health linatchuka mu 2015 pomwe bungwe la Rockefeller Foundation ndi magazini ya zaumoyo ya The Lancet anatulutsa lipoti loti thanzi lathu likudalira nthaka, madzi ndi mpweya, ndiye anthu ambiri omwe akufufuza zimenezi anachokera kwina, ena ndi madokotala, ena a zaulimi, ena a zachuma.

Taonani izi. Mu 2014 wofufuza wina, a Samuel Myers, ndi anzawo anapeza kuti tirigu ndi mpunga zikakulira mumpweya wochuluka carbon dioxide, michere ya zinc ndi iron mumbewumo imachepa, mapuloteninso chimodzimodzi. Mbewu mmunda ikuoneka bwinobwino, zokolola zilipo, munthu akudya nkukhuta ndithu koma thupi likuperewera, ndipo ineyo nkhani imeneyi imandisowetsa tulo chifukwa njala yake ndi yosaoneka ndi maso. Tsono ndani adzayambe kuchepa magazi, amayi oyembekezera kapena ana, nanga adye chani mmalo mwake? Wa zanyengo sangayankhe yekha, pamenepo pakufunika inuyo. Komanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wotenthetsa dziko likuchokera ku chakudya, kuyambira kudula nkhalango, ng'ombe, feteleza mpaka zomwe timataya, ndiye za kadyedwe zili pakatikati penipeni.

Chomwe muonjezere ndi masamu a data basi, phunzirani statistics ndi R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira data, kenako masitazi, ndipo posankha PhD muyang'ane kwambiri supavaiza kuposa dzina la sukulu.

Koma ndisakunamizeni, njirayi ndi yaitali. Mukamaliza PhD nthawi zambiri mumayamba ndi makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, kulemba maproposal opempha ndalama, ambiri nkukanidwa, pepa ya kafukufuku wanu kubwezedwa kangapo, zimawawa ndithu. Musanadzipereke, werengani lipoti la EAT-Lancet la 2019, lonena za kadyedwe kabwino kosaononga chilengedwe, mulembe pomwe simukugwirizana nalo, mupite nazo kwa alekichala anu mukawapemphe kuti muziwathandiza pa kafukufuku wawo chaka chino.