Nyumba ili ku Area 25, mwiniwake ali ku Joni: alembe woyang'anira?

Funso: Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 ku Lilongwe, lendi yake K400,000 pamwezi. Ine ndimakhala ku Johannesburg. Amatolera ndalama ndi achimwene anga, koma zimandipeza mochedwa, zoperewera, amvekere zina takonzera nyumba. Kodi ndilembe kampani yoyang'anira nyumba?

Yankho: Lembani, bambo, koma musiyanitse anthu awiri. Dobadoba amakupezerani wochita lendi, n'kulandira yake, n'kuzimiririka. Woyang'anira nyumba amatsala nayo: kutolera lendi, kuyendera nyumba, kuitana pulambala, kukumbutsa wochedwa kulipira. Amene mukufuna ndi wachiwiriyu, ndipo akuonetseni ofesi yake, chikalata cholembetsera bizinesi ndi eni nyumba awiri amene akuwagwirira kale ntchito, muwaimbire nokha.

Tiwerengere. Tiyerekeze mwagwirizana 10 peresenti: ndi K40,000 pamwezi, K480,000 pachaka. Zikuoneka zambiri, koma lendi ya miyezi iwiri ikasowa, kapena nyumba ikakhala yopanda munthu miyezi iwiri, mwataya K800,000. Chofunika kwambiri m'kontirakiti ndi chiganizo chimodzi: peresenti yake ichoke pa lendi imene yalowadi, osati imene imayembekezeka. Akamalandira ngakhale nyumba ili pululu, afulumiriranji kufuna munthu? Funsaninso ngati pali ndalama yapadera yopezera tenanti watsopano. Ikakhala yaikulu, ena amakonda kusinthasintha anthu chaka ndi chaka.

Njira ya ndalama ndi imene yakuvutitsani kale, ndiye musaibwereze. Tenanti azilipira mu akaunti yanu ya ku banki, inu muzitumiza gawo la woyang'anira. Kampani ikaumirira kuti lendi idutsire kwa iyo, lembani tsiku lomaliza loti ifike kwa inu, mwachitsanzo pa 10, pamodzi ndi sitetimenti ya mwezi umenewo. Poti ambiri m'tauni amalipiriratu miyezi itatu, mukazengereza kufunsa mudzadzidzimuka K1,200,000 itapita kamodzi. Dipoziti nayo ilembedwe kuti ikusungidwa ndi ndani, chifukwa si yanu kapena ya kampani, ndi yobweza tenanti akamatuluka nyumba ili bwino.

Pa zokonza m'pamene ndalama zimadonthera. Ikani malire: chosapitirira K50,000 akonze osafunsa koma atumize lisiti, chopitirira apo atumize zithunzi pa WhatsApp ndi makoteshoni awiri musanavomere. Kupatulapo zadzidzidzi monga paipi yophulika. Aziyendera nyumba miyezi itatu iliyonse, ndipo ulendo wa mu Okutobala ukhale wa padenga: misomali ya malata, magata ndi ngalande, mvula isanayambe. Tenanti akamalowa pakhale ndandanda yosainidwa ya zonse zili m'nyumba, maloko, masoketi, giza, ndi zithunzi zake. Popanda ndandandayo, mkangano wa dipoziti simungaupambane.

Ngati mita ya ESCOM kapena ya Lilongwe Water Board si ya mayunitsi, azionetsa bilu yolipidwa mwezi uliwonse, poti ngongole imatsalira nyumba, tenanti atapita. Malipiro a ku khonsolo ya mzinda ndi msonkho wa MRA pa ndalama ya lendi zikhalabe pa mutu panu, ngakhale woyang'anira atamakulipirirani, choncho malisiti ake muzisunga inuyo.

Chikalata cha umwini wa nyumba musampatse. Mphamvu zimene mukumupatsa zilembedwe kuti n'zobwereketsa ndi kutolera lendi basi, osati kugulitsa kapena kuikira chikole. Ndipo tenanti akakanika kulipira, asakachotse zitseko kapena kudula madzi m'dzina lanu. Apereke notisi yolemba, zikalephereka apite kukhoti, apo ayi woimbidwa mlandu mudzakhala inu.

Kontirakiti yoyamba ikhale ya chaka chimodzi, yothetseka ndi notisi ya mwezi umodzi. Achimwenewo auzeni nokha musanasaine, asamvere kwa tenanti, ndipo tenantiyo alandire kalata yonena tsiku limene ayambe kulipira ku akaunti yatsopano.