Akuti akamupezera ntchito ku Lilongwe, koma mwanayo ali ndi zaka 14

Mayi wina wandilembera pa imelo sabata ino. Mwana wa mchemwali wake ku Phalombe, wa zaka 14, akufuna kutengedwa ndi mayi wina wodziwika pamudzipo kuti akagwire ntchito mulesitilanti ku Lilongwe, sukulu akapitirize konko. Funso lake ndi lakuti: "Ndilowererepo? Abale akuti ndine wansanje."

Lowererani, achemwali. Akunenani anene.

Ndili ku sekondale, panali mtsikana wa nyumba yoyandikana ndi yathu, tinkatunga madzi pamjigo umodzi. Masamu ankatiposa tonse. Bambo ake atamwalira, kunabwera mayi wa kutchalitchi kwathu komwe, atanyamula shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Anakhala pamphasa, nalira nawo, nasiya kandalama "ka ufa". Mawa lake mnzanga uja anakwera naye minibasi, zovala zili mujumbo. Mudzi wonse unati mwayi wagwera mwana wamasiye.

Anabwerako ali wowonda, ali ndi pakati, osayang'ana munthu kumaso. Zinamutengera zaka kuti andiuze. Lesitilanti ija inali bala, kuseri kuli tizipinda. Tsiku lofika lomwelo anamuwerengera ngongole: thiransipoti, diresi ndi nsapato zomwe anamugulira, chakudya, mpaka ufa uja anasiyira amayi ake. Ngongoleyo sinkatha, inkangokwera. Amuna ankalipira pakauntala, iye osagwira ngakhale tambala. Foni analibe, njira ya kudepoti sankaidziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti atabwerera, pamjigo pomwe paja anthu ankanong'onezana kuti hule wabwera, pamene mayi uja Lamulungu lililonse ankakhala benchi yakutsogolo.

Ine mawu amenewo ndimawakana. Mwana wa zaka 14 sachita uhule, amagulitsidwa. Ndipo mwamuna amene amalowa m'kachipinda kaja, kaya ndi dalaivala wa thiraki, kaya bwana wa muofesi, wagwirira mwana, olo alipire zingati.

Ana athu timawaopseza ndi galimoto ya magalasi akuda ndi anthu achilendo. Koma wozembetsa ana nthawi zambiri timadya naye nsima. Ndi azakhali, ndi mlamu, ndi mwana wa pamudzi pomwepo amene "zinamuyendera" m'tauni. Amadziwa khomo limene nkhokwe yatha. Ku Phalombe ndi ku Mulanje, kumene namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba mu 2023, makomo otere ndi ambirimbiri, komanso malire a Mozambique ali pafupi, njira zachidule zosadutsa pachipata cha Muloza zili mbwee. Ena amafika kutali: mu 2016 apolisi a ku South Africa anaimitsa galimoto ku Rustenburg n'kupezamo ana ndi achinyamata 57 ochokera kuno. Mu 2022 bungwe la UNODC, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, linaulula za magulu ozembetsa anthu mumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, atsikana ena akugwiritsidwa ntchito yogona ndi amuna. Komabe ambiri sawoloka malire alionse. Amangochoka kumudzi kupita pa tiredingi senta kapena m'tauni, pabasi ya masana, mayi awo akutsazika.

Ndinenenso ichi, chidzawawe amene chimuwawe. Ife a m'tauni amene timaimba foni kumudzi kuti "ndipezereni kamtsikana kondilerera mwana" ndi amene tinalambula msewu umenewu. Tinazoloweretsa midzi kuti mwana kusiya Sitandade 7 n'kukwera basi ndi munthu wamkulu ndi chinthu chabwinobwino. Wozembetsa amangoyenda m'mapazi mwathu, mawu ake ndi omwe aja timanena ifeyo.

Lamulo lilipo. Kuyambira 2015 dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu, ndipo wozembetsa mwana atha kukhala kundende zaka 21. Zoti mwanayo anavomera yekha sizimupulumutsa wozembetsayo kukhoti. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma lamulo silifika lokha pakhonde la mchemwali wanu. Pafunika wina wolimba mtima kutsegula pakamwa, ndipo m'banja mwanu zikuoneka kuti ndi inuyo.

Tsono muchite chiyani

Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe a YONECO amayendetsa, mufotokoze monga mwandifotokozera ine. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare paboma, muuzenso amfumu ndi aphunzitsi aakulu a mwanayo. Mayi wotengayo musamuchenjeze, angafulumize ulendo. Mchemwali wanu musamukalipire, njala ndi imene ikuyankhula. Ngati mungathe, tengani udindo wa makope ndi yunifolomu, mumuuze zimenezo poyera. Ngati kalatayi yakupezani mwana atapita kale, kaperekeni kupolisi dzina la mayiyo, nambala yake ya foni ndi tsiku limene ananyamuka. Mwanayo akapezeka, muthamangire naye kuchipatala: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayamba kumwa pasanathe maola 72.