Funsani Amisiri: Kodi batire la foni lingathiridwe mankhwala?

FUNSO: Ndimatchajitsa mafoni pa sola kuno ku Mchinji. Batire la galimoto lomwe ndimagwiritsa ntchito likafooka ndimalithira madzi a batire, n'kudzukanso. Koma mabatire a foni akatha zaka ziwiri sasunganso moto, ena amafufuma ngati mandasi. Mnzanga akuti kuli mankhwala othira m'mabatire amenewa. N'zoona?
Wowerenga wa ku Mchinji

YANKHO: Achimwene, mankhwalawo alipodi, koma amathira ndi a ku fakitale batire lisanamatidwe. Inu ndi ine tilibe pothira, ndipo chonde musaliboole. Ndidakali kuphunzira ntchito ndinang'ambapo lofufuma ndi sikuludilaiva. Munatuluka kafungo kotsekemera ngati ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, pepala lake n'kuyamba kutentha m'dzanja. Ndinaliponya pamchenga, likufuka.

M'batire la foni, mbali imene imalandira lithiyamu (chitsulo chopepuka chimene chimanyamula moto wa batirelo) mukamatchaja imatchedwa anode, ndipo ndi ya girafaiti, yemwe uja wa m'pensulo, amene wapezekanso wambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Madzi ake si asidi ayi. Ndi mchere wa lithiyamu wotchedwa LiPF6 wosungunulidwa m'madzi ena oyaka msanga, monga dimethyl carbonate. Mcherewu ukakumana ndi chinyontho umabala asidi woopsa, n'chifukwa chake madzi anu aja angaliphe.

Tsono pomwe pagona nkhani ndi apa. Batire likatchajidwa koyamba, ku fakitale konko, madzi ake amapsererako pang'ono pa girafaiti n'kusiya kansalu kopyapyala kwambiri kosaoneka ndi maso. Ganizani za nkhoko za mumphika wa nsima. Katswiri wa ku Tel Aviv, Emanuel Peled, anakatcha SEI mu 1979. Kansaluka kamalola lithiyamu kudutsa, koma kamatchinga madzi otsalawo kuti asapserere nawo. Kakakhala kolimba, batire limakhalitsa. Kakamang'aluka, madzi ena amapserera pomwepo pofuna kutseka mng'aluwo, ndipo chigamba chilichonse chimadya lithiyamu amene sabwereranso. Moto umene foni yanu yasiya kusunga, wambiri wathera m'zigamba zimenezi. Kufufuma kuja ndi mpweya wotuluka madziwo akamaonongeka.

Mankhwala amene mnzanu anamva ntchito yake ndi kuumba nkhoko yabwino. Odziwika kwambiri ndi vinylene carbonate, mwachidule VC. Amathira pang'ono zedi, 1 kapena 2 peresenti ya madzi onse. Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti VC amadzipereka: ndiye amayamba kupserera anzake asanayambe, n'kuyala kansalu kothina bwino, komatirira. Koma akachuluka kansalu kaja kamakhuthala, lithiyamu n'kumadutsa movutikira, makamaka kukazizira. Ali ngati mchere wa m'ndiwo, dzanja likalemera mwaononga.

Palinso fluoroethylene carbonate, FEC, amene amafunika kwambiri m'mabatire amakono osakaniza silikoni ku anode. Girafaiti akamwa lithiyamu amatupa ndi 10 peresenti chabe, pomwe silikoni amatupa ndi pafupifupi 300 peresenti, ndiye nkhoko imasweka tsiku ndi tsiku. FEC amapanga kansalu kokhala ndi lithium fluoride wambiri, kopirira kutupako. Komabe nayenso amatha pang'onopang'ono, ndipo akangotheratu batire limagwa mwadzidzidzi.

Nkhokoyo simungaiumbenso, koma kuisamala mungathe, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Ndadutsa m'malo ambiri otchajitsira mafoni. Kakanyumba ka malata, mwezi wa Okutobala, mafoni makumi awiri ataunjikana m'katoni imodzi, ena atadzadza kalekale koma akadali pachaja. Zimandipweteka, chifukwa eni ake anagulitsa mtedza kuti apeze mafoniwo. Batire lodzadza likamatentha, kansalu kaja kamakula mothamanga n'kumadya lithiyamu ngakhale foni ili chigonere.

Khomani shelefu pamthunzi podutsa mphepo, muziyala mafoni motalikirana, yodzadza muziizula msanga. Kasitomala akabwera ndi foni yotukuka kumsana, musailandire. Muuzeni akasinthitse batire, lakalelo aliike m'chitini cha mchenga kutali ndi denga la udzu.