Kodi chemical engineering ndi ya kufamase?

FUNSO: Anti, ndine mtsikana wa ku Katete ndamaliza Giredi 12, chemistry ndinakhoza bwino kwambiri koma masamu ndinangodutsa movutikira. Ndikufuna chemical engineering koma amalume akuti imeneyo ndi yogulitsa mapiritsi mufamase, akuti bola unesi. Ndithandizeni chonde.

YANKHO: Mwana wanga, amalume asokoneza ndi pharmacy, koma usawaseke chifukwa nawenso dzinali lakunamiza. Kosi imeneyi chemistry ilimo inde koma chochuluka ndi masamu ndi physics, tsiku ndi tsiku kakyuleta m'manja.

Unaonapo amayi akutcheza kachasu kumudzi? Mbiya pamoto, paipi yadutsa m'madzi ozizira, nthunzi ikasanduka madontho n'kumagwera m'botolo. Mowa umawira pa madigiri 78 pomwe madzi mpaka 100, n'chifukwa chake botolo loyamba lija amati mutu limakhala laukali. Imeneyo kuyunivesite amati distillation ndipo udzailembera mayeso, kungoti iwe adzakufunsa kuti ngati fakitale ikufuna malita masauzande pa ola limodzi paipi ikule bwanji, moto uchuluke bwanji, madzi oziziritsa akhale angati kuti thanki isaphulike, ndiye apo popanda masamu sumayenda ayi. Sindikuti ukayambe kutcheza, ndisamve!

Kosiyi ili ku Copperbelt University ku Kitwe, zaka 5. Za ndalama kafunsire loni mwamsanga ku HELSB, bungwe la boma lopereka maloni kwa ophunzira a kuyunivesite, ndipo ukamaliza umalembetsa ku Engineering Institution of Zambia usanayambe ntchito ya uinjiniya.

Ntchito zake zambiri zili kutali ndi kwathu kuno, izi uwauziretu amayi. Kumigodi ku Mufulira ndi Solwezi utsi wa sulphur dioxide wochoka posungunula kopa amaugwira n'kupanga asidi, asidi yemweyo n'kukasungunulira kopa wina m'miyala. Ku Kafue kuli feteleza, ku Nakambala shuga, ku Chilanga simenti. Kuno ku Chipata mwina koyeretsa madzi akumwa kapena koyenga mafuta ophikira, koma malo ndi ochepa, ndisakunamize.

Chondidetsa nkhawa ine ndi masamu akowo. Anthu olimbirana malo ndi ambiri ndipo chaka choyamba chimasefa ngati sefa ya ufa. Ngati giredi yake ndi yofooka kalembenso mayeso a masamuwo pa GCE, upeze aphunzitsi okuthandiza madzulo, chaka chimodzi si kanthu. Ukakhoza ukawaonetse amalume satifiketi, fomu ya ku Kitwe ili kudzanja linalo.